Aluso onse akundiyankha mofanana, ndiwafunse bwanji?

Wowerenga wina wa ku Area 25 walemba kuti: "Ndayamba pulogalamu yocheza ndi anthu aluso monga oimba, alakatuli, osema ndi ojambula, ndipo ndimaiika pa Facebook ndi pa YouTube. Ndacheza kale ndi anthu 8. Vuto n'loti onse akuyankha mofanana: adayamba ali aang'ono, luso ndi mphatso yochokera kwa Mulungu, chosowa ndi ndalama, boma liwathandize. Ndiwafunse bwanji kuti alankhule zakukhosi? Komanso ena akumati ndiwapatse kangachepe ndisanawajambule. Kodi n'zoyenera?"

Achemwali, zikomo polemba, komanso zikomo chifukwa cha ntchito mwayambayi. Ine ndakhala pa ntchito ya wailesi zaka zambiri muno mu Lilongwe, ndipo mayankho mukunenawo ndidawamva mpaka kuwaloweza. Anthu 8 amenewo sadakunamizeni. N'zoonadi kuti adayamba ali aang'ono, n'zoonanso kuti ndalama zikuvuta. Chimene chikuchitika n'choti funso lakuti "mudayamba liti", lakuti "mukukumana ndi mavuto otani" ndi lakuti "muli ndi uthenga wanji kwa achinyamata" munthu waluso adafunsidwa kambirimbiri, kotero yankho lili kale pamilomo ngati ndime yoloweza ya ku Sande sukulu. Akulankhula osaganiza. Ntchito yanu ndi kumufunsa chinthu choti aime kaye, ayang'ane pansi, akumbukire.

Njira yomwe ine ndimaidalira ndi iyi: musamufunse za luso lonse, mufunseni za chinthu chimodzi chomwe adapanga ndi manja ake, makamaka chili pompo mukuchiona nonse. Pitani kwa osema ziboliboli omwe amayala katundu pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town. Mukafunsa wosema kuti luso lake limatanthauza chiyani, akuuzani kuti ndi chikhalidwe chathu, n'kuthera pomwepo. Koma nyamulani mvuu imodzi yosema muifunsire. Mtengo uwu ndi phingo, kapena ndi mtengo wina womwe waudetsa ndi polishi wa nsapato? Mudaugula kuti, ndipo udafika bwanji m'tauni muno? Mudayambira kumutu kapena kumsana? Kasemasema adalekera pati, tchizulo n'kuyambira pati? Mng'alu uwu udabwera mukusema kapena utauma? Apa munthu amasintha nkhope. Amakulandani mvuuyo, n'kuitembenuza, n'kukuonetsani pomwe dzanja lidaterereka ndi momwe adabisira chilemacho posandutsa malowo khwinya la pakhosi. Kuchokera pamenepo nkhani zimabwera zokha: kusowa kwa phingo ndi mlombwa, amalume omwe adamugwiritsa kasemasema koyamba, chifukwa chomwe amasemera mvuu ndi njovu zambiri pomwe mtima wake uli pa nkhope za anthu. Mbiri yonse ija mumaifuna, yakuti adayamba liti ndipo adaphunzira kwa yani, muipeza ndithu, koma idzera ku mvuu, ndipo ikhala yakeyake, yosafanana ndi ya mnzake wa pambali.

Mukamva wosema akutchula ku Mua, musangodutsa. Kumeneko, m'boma la Dedza, kuli Kungoni Centre of Culture and Art yomwe adayambitsa Bambo Claude Boucher m'chaka cha 1976, ndipo osema ambiri adaphunzira kumeneko kapena kwa anthu omwe adaphunzira kumeneko. Funsani kuti adamuletsa chiyani mphunzitsi wakeyo, ndipo ndi chiti mwa zoletsedwazo chomwe lero amachita dala. Munthu amadziwika bwino pomwe adapatukana ndi mphunzitsi wake.

Kwa oimba n'chimodzimodzi. Sankhani nyimbo imodzi, osati yotchuka ija yomwe aliyense amamufunsa, koma ina ya pakati pa chimbale. Chidayamba n'chiyani, mawu kapena kayimbidwe? Adaipekera kuti, m'minibasi, kumaliro, kapena pogona? Ndani adaimba gitala ya besi, ndipo adalipidwa? Ku situdiyo adabwereza kangati? Pali mawu omwe adachotsa poopa abusa, makolo kapena andale? Funso lomalizali limatsegula zitseko zambiri. Pafupifupi nyimbo iliyonse ili ndi mzere womwe udatsala panjira, ndipo woimba amaukumbukira bwino kuposa omwe adalowa.

Taganizani za Madalitso Band, anyamata awiri omwe ankaimba m'misewu ya Lilongwe yemweyu ndipo tsopano amakaimba mpaka ku Ulaya. Wina amaimba babatoni, chida chachikulu cha chingwe chimodzi chopanga okha, wina gitala ya zingwe zinayi uku akumenya ng'oma ndi chidendene. Mutakhala nawo, mukhoza kuwafunsa kuti akumva bwanji kutchuka, iwo n'kuyankha kuti akuthokoza Mulungu, zomwe n'zoona koma omvera anu sadziwapo chatsopano. Bwanji osafunsa kuti chingwe cha babatoni amachitenga kuti, chikopa chake chimatani kukazizira, chida chachitali chotere chimakwera bwanji ndege, nanga anthu osamva Chichewa amavina pa malo omwewo a nyimbo pomwe amavinira a ku msika wa Lilongwe? Amenewa ndi mafunso omwe yankho lake lili ndi iwo okha, ndipo ndiwo oyenera kuwonongerapo nthawi yawo.

Kuti mufunse chonchi muyenera kukonzeka, ndipo apa palibe chidule. Mvetserani nyimbo zake zonse zomwe mungapeze, werengani ndakatulo zake, kaonereni sewero lake musanamuitane. Musadalire zomwe mnzanu wakuuzani, paja kandimverere adakanena za m'maluwa. Munthu waluso amazindikira msanga ngati amene akumufunsayo sadamvepo ntchito yake, ndipo akazindikira amatseka mtima n'kukupatsani mayankho a aliyense. Koma mukamuuza kuti mu nyimbo yakuti mudamva ng'oma ikusintha mwadzidzidzi pa ndime yachitatu, ndipo mukufuna kudziwa chifukwa chake, waona kuti mwamulemekeza. Mafunso olemba papepala akhale ochepa, atatu kapena anayi. Otsalawo atuluke m'kamwa mwake momwemo. Akati "nthawi imeneyo zinthu sizinali bwino", musathamangire funso lotsatira. Funsani kuti sizinali bwino motani, ankagona kuti, ankadya chiyani, adagulitsa chiyani.

Ndiye pali kukhala chete, komwe achinyamata ambiri pa wailesi amakuopa. Munthu akamaliza kuyankha, dikirani pang'ono, mukumuyang'ana, osanena kanthu. Yankho loyamba limakhala la pagulu. Lachiwiri, lomwe limabwera iye ataona kuti simukufulumira, ndilo lakukhosi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndimakumbuka mayi wina woumba mbiya cha ku Likuni yemwe adandiyankha mwachidule kuti adaphunzira kwa agogo ake. Ndidangokhala duu. Patapita kanthawi adayamba kufotokoza za dambo lomwe ankakumbako dongo, lomwe lero pali nyumba za anthu, ndi momwe amayendera mtunda wautali kukafuna dongo losang'aluka pamoto. Nkhani ya dambo lija ndiyo idakhala mutu wa pulogalamu yonse, chonsecho papepala langa padalibe funso la dongo. Pewaninso chizolowezi chomavomera "eya, eya, zoona, ndithu" munthu ali mkati molankhula. Gwedezani mutu basi. Mawu anuwo amalowa m'chojambulira ndipo pokonza amavuta kuchotsa.

Malo ochezera ali ndi mphamvu kuposa momwe ambiri amaganizira. Mukamuitanira ku hotela, pa mpando wa sofa, munthu amavala suti ndipo mawu akenso amavala suti. Mutsatireni komwe amagwirira ntchito: kalipentala wa mipando yogoba ku Mchesi, telala wopanga masitayilo a chitenje pakhonde la sitolo ku Kawale, kwaya pa tsiku lophunzira nyimbo, ophunzira zoimba ku Music Crossroads. Kumeneko manja ake ali ndi chogwira, ndipo akasowa mawu amakuonetsani. Foni yanu ndi yokwanira, bola muisendeze pafupi ndi pakamwa, mutalikirane ndi chigayo ndi pokwerera minibasi, ndipo mufulatire mphepo, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julaye. Musanachoke jambulani mphindi imodzi ya phokoso la ntchito yokha, kasemasema akugogoda kapena makina osokera akulira. Mudzaithokoza mphindi imeneyo pokonza. Batire likhale lodzaza musananyamuke, chifukwa magetsi akhoza kuzima nthawi iliyonse.

Tsopano za ndalama, zomwe onse 8 adatchula. Musaithawe nkhaniyi, ndi yeniyeni, koma isathere pa mawu akuti "boma litithandize". Kufunsa munthu kuti amapeza zingati pamwezi n'kumuchititsa manyazi, ndipo adzakunamizani mokweza kapena motsitsa. Funsani za tsiku limodzi. Phwando lomaliza la zoimba, pakhomo anthu ankalipira zingati? Holo idadya zingati, zokuzira mawu zingati, oimba zida, ovina, galimoto? Iye adapita kunyumba ndi chiyani? Mukawerengera limodzi chonchi, omvera amamvetsa okha chifukwa chomwe woimba wotchuka amakwera kabaza. Funsaninso chomwe chimamudyetsa kwenikweni. Ambiri sadyera nyimbo zomwe timawadziwira. Amadyera maukwati, zinkhoswe, maphwando a makampani, misonkhano ya ndale, ndi nyimbo kapena masewero omwe mabungwe amawatuma okhudza katemera, ukhondo kapena nkhanza za m'banja. Palibe chochititsa manyazi pamenepo, koma pali funso lokoma: ntchito yotumidwa imasiyana bwanji ndi yomwe amapanga popanda womutuma, ndipo atapatsidwa chaka chathunthu osadandaula za lendi angapange chiyani?

Oimba achikulire afunseni za nthawi ya makaseti, pomwe woimba ankapita ndi chimbale chake kwa wamalonda O.G. Issa kuti achigulitse m'dziko lonse, n'kulandira ndalama yooneka. Kenaka afotokoze momwe zinthu zidasinthira kutabwera owotcha nyimbo m'misika, oika nyimbo mazanamazana pa memory card pa mtengo wochepa, mwini nyimbo osaonapo kanthu. Inuyo dziwani kuti kuli bungwe la COSOMA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1992 ndipo likulu lake lili mu Lilongwe muno. Limatolera ndalama kwa ogwiritsa ntchito nyimbo ndi zolemba za anthu, monga nyumba zoulutsira mawu, n'kugawira eni ake. Lamulo la umwini wa luso lomwe tikugwiritsa ntchito pano ndi la 2016, lomwe lidalowa m'malo mwa la 1989. Funsani mlendo wanu aliyense ngati adalembetsa ntchito zake kumeneko, ngati adalandirapo kanthu, ndipo ngati sadalembetse, chidamuletsa n'chiyani. Achinyamata ambiri omvera pulogalamu yanu adzamva za zimenezi koyamba kudzera kwa inu.

Pa achikulirewa ndikupempheni ndi mtima wonse: ayambeni iwowo. Giddes Chalamanda adabadwa mu 1930, ndipo dziko lonse la pa intaneti lidamudziwa ali ndi zaka za m'ma 90. Alipo ena ambiri a msinkhu wake, oimba bangwe, kaligo ndi banjo ya chigubu, omwe sadajambulidwepo akufotokoza okha za ntchito yawo. Akapita, apita nazo. Omwe adaimba ndi kulemba m'nthawi ya chipani chimodzi ali ndi nkhani yomwe achinyamata saidziwa bwino. Lamulo lounika zosangalatsa ndi zofalitsa la 1968 lidapereka mphamvu zoletsa nyimbo, mabuku ndi masewero, ndipo mlakatuli Jack Mapanje adatsekeredwa ku ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Anthu aluso a nthawi imeneyo adaphunzira kubisa mawu m'miyambi ndi m'nthano za nyama. Afunseni kuti ankabisa bwanji, omvera ankatulukira bwanji, nanga ufulu utabwera mu 1994 kalembedwe kawo kadasintha motani. Koma pitani mwaulemu. Perekani moni mokwanira, funsani za m'nyumba, muwatchule kuti agogo, bambo kapena mayi, ndipo foni isatuluke m'chikwama mpaka atamasuka. Wachikulire akakana kuyankha funso, lisiyeni. Nthawi zambiri amalibwerera yekha mukutsanzika.

Muli m'dera la Achewa, choncho tsiku lina mudzafuna kucheza ndi a gule wamkulu, yemwe bungwe la UNESCO lidamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Apa pali malire omwe simuyenera kulumpha. Dzerani kwa amfumu. Musafunse kuti m'chilombo muli yani, musapemphe kujambula kudambwe, ndipo musakakamize munthu kuulula zomwe adalumbira kusunga. Zotsala zoti mufunse n'zambiri: oimba ng'oma akhoza kukuuzani momwe ng'oma ya mbalule imalankhulira ndi mapazi a wovina, amayi oyimbira akhoza kumasulira nyimbo zomwe amaimba poyera pabwalo ndi mwambo womwe zimaphunzitsa. Woulutsa mawu yemwe waulula chinsinsi kuti anthu ambiri aonere kanema wake watsekera khomo onse obwera pambuyo pake.

Zinthu ziwiri mwachidule. Amayi aluso musawathere nthawi ndi mafunso akuti abambo kunyumba amalola, kapena ana amatsala ndi yani. Afunseni za ntchito monga momwe mungafunsire bambo, ndipo za kunyumba azitchule okha ngati akufuna. Ndipo mukapita ku Dzaleka, msasa wa anthu othawa kwawo m'boma la Dowa, komwe mlakatuli Menes La Plume adayambitsa chikondwerero cha Tumaini mu 2014, kumbukirani kuti oimba, ovina ndi ojambula a kumeneko adatopa kufunsidwa za nkhondo yomwe adathawa. Afunseni za nyimbo, za utoto, za zinenero zomwe amasakaniza poimba. Tengani womasulira ngati Chiswahili kapena Chifalansa simuchimva.

Funso lanu lachiwiri, la kangachepe. Maganizo anga ndi awa. Kucheza kokha sikugulidwa. Mukayamba kulipira mayankho, munthu amayamba kukuuzani zomwe akuganiza kuti mwagula, ndipo omvera sangakhulupirirenso. Koma musaiwale kuti mukucheza ndi munthu wodya za tsiku lomwelo. Wosema akasiya ntchito theka la tsiku chifukwa cha inu, wataya ndalama. Ngati mwamuitana, mubwezereni thiransipoti. Ngati mwapita kwake, makamaka kwa achikulire, musapite chimanjamanja, shuga kapena sopo ndi ulemu wathu wa masiku onse, osati malipiro. Ngati mungathe, gulani kanthu kamodzi pa katundu wake pa mtengo wake, osanenerera. Koma mukamupempha kuti aimbe nyimbo yonse kapena alakatule ndakatulo yonse kuti muike pa YouTube, chimenecho sikuchezanso ayi, ndi ntchito yake yomwe amalipidwa nayo, ndipo nyimboyo ili ndi mwini wake mwalamulo. Gwirizanani poyera musanajambule: muika kuti, muika gawo lalitali bwanji, ndipo ngati kanemayo adzabweretse ndalama mudzatani. Ngati mulibe ndalama nenani zoona, ambiri amavomera akaona kuti simukuwabisira. Chilolezo chake chijambulidwe ndi mawu ake kumayambiriro, atchule dzina lake momwe akufuna lilembedwe, ndi kuti wavomera.

Pokonza pulogalamu, musadule mawu ake mwanjira yoti anene zomwe sadanene. Akanena mokwiya za mnzake, kapena kuulula za matenda ndi ngongole, muimbireni foni musanaike, mumufunse ngati akufunadi kuti dziko limve. Mutu wa kanema ukhale wa ntchito yake, osati wokokomeza kachidutswa ka mkangano. Mukaika, mutumizireni pa WhatsApp, ndipo kwa agogo opanda foni bwererani mukawamvetsere. Zojambula zonse zosadula zisungeni malo awiri, mutalemba dzina, tsiku ndi malo, chifukwa patsogolo ana awo adzazifuna, ofufuza adzazifunanso.

Sabata ino musafune mlendo watsopano. Mwa anthu 8 aja sankhani mmodzi yemwe mudaona kuti adatsala ndi mawu, mumuimbire, mumuuze kuti mukufuna kubwera komwe amagwirira ntchito. Mumupemphe kuti akusungireni chinthu chimodzi chomwe chidamuvuta kwambiri kupanga, kapena chomwe adachisiya osamaliza. Mukafika, mukapatsana moni, chiikeni pakati panu, muyatse chojambulira, mumufunse kuti tsiku lomwe adachiyamba adadzuka ndi maganizo otani.